KANDULO M'KATI MWA WAYA WAMINGA: MBIRI NDI NTCHITO YA BUNGWE LA AMNESTY INTERNATIONAL

Ana athu a Sukulu Sande amaidziwa bwino mbiri ya Yosefe. Amadziwa za malaya ake, za dzenje limene abale ake anamponyamo, za mkazi wa Potifara ndi za maloto a Farao. Koma pali ndime imodzi imene kawirikawiri timailumpha pophunzitsa, ndiyo yotsiriza ya Genesis 40. Yosefe ali m'ndende anamasulira loto la wopereka chikho wa Farao, nampempha kuti akatuluka akamtchule kwa mfumu. Munthu uja anatulukadi, nabwerera pa ntchito yake ya ulemu, koma za mnzake uja sanaziganizenso. Zaka ziwiri zathunthu zinatha Yosefe ali chikhalire m'ndende wopanda mlandu, chifukwa munthu mmodzi amene akadatha kumlankhulira anangokhala chete.

Mwezi uno tifuna kukamba nanu, makolo ndi achinyamata, za bungwe lina limene linayambika chifukwa cha akaidi oiwalika otere. Dzina lake ndi Amnesty International. Mau akuti amnesty atanthauza chikhululukiro chimene boma lipereka pomasula anthu a m'ndende. Bungweli si la Mpingo, ndipo pali mfundo zake zina zimene ife sitigwirizana nazo, monga tidzanena kutsogoloku. Komabe mbiri yake yakhudza dziko lathu ndi Mpingo wathu, ndipo muli phunziro limene banja lililonse lachikristu liyenera kulimva.

LOYA WA KU LONDON

Amene anayambitsa bungweli ndi Peter Benenson, amene anabadwira ku London m'chaka cha 1921, m'banja la mtundu wa Ayuda. Akali mnyamata pa sukulu ya Eton, iye ndi anzake anasonkha ndalama zopulumutsira anyamata awiri Achiyuda ku Germany, kumene Hitler anali kuzunza mtundu wao. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwira ntchito ya uloya, ndipo ankayenda maiko monga Spain kukaonerera m'mene maboma anali kuzengera milandu ya anthu otsutsana nao. M'chaka cha 1958 analowa mpingo wa Katolika.

Iye mwini ankafotokoza kuti tsiku lina cha kumapeto kwa chaka cha 1960, ali m'sitima ya pansi pa nthaka mu mzinda wa London, anawerenga m'nyuzipepala za ophunzira awiri a ku Portugal amene anawalamula kukhala m'ndende zaka 7 chifukwa chokweza matambula ao m'nyumba yodyera ndi kutamanda ufulu. Mtima unamuwawa kwambiri, kotero kuti anatsika sitima nakalowa m'tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields kukasinkhasinkha. M'menemo anaona kuti kudandaula kwa munthu mmodzi sikungagwedeze boma, koma ngati anthu zikwizikwi a maiko osiyanasiyana atalemba makalata nthawi imodzi, boma likhoza kuchita manyazi.

Akatswiri a mbiri amene anafufuza pambuyo pake sanaipeze nkhani ya ophunzira awiriwo m'nyuzipepala za masiku amenewo. Koma nkhanza za boma la António Salazar sizikaikitsa konse. Ndilo boma lomwe linkalamula Angola ndi Mozambique, ndipo apolisi ake achinsinsi otchedwa PIDE anatsekera ndi kuzunza anthu ambirimbiri. Ife a Presbyterian tikumbukira Mbusa Zedequias Manganhela, mtsogoleri wa Sinodi ya mpingo wa Presbyterian ku Mozambique, amene anamangidwa ndi boma la Apwitikizi m'chaka cha 1972 nafera m'ndende ya Machava m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho.

AKAIDI OIWALIKA

Benenson anakambirana maganizo ake ndi anzake, makamaka Eric Baker wa mpingo wa Quaker ndi loya mnzake Louis Blom-Cooper. Mkonzi wa nyuzipepala ya The Observer, David Astor, anawapatsa malo, ndipo Lamulungu pa 28 Meyi 1961 inatuluka nkhani imene mutu wake m'chinenero chathu ndi wakuti Akaidi Oiwalika. Nkhaniyo inapempha awerengi kuti alembe makalata kwa maboma opempha kuti amasule anthu amene anamangidwa chifukwa cha chipembedzo kapena maganizo ao. Inatsamira pa chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa anthu onse chimene bungwe la United Nations linavomereza pa 10 Disembala 1948, makamaka ndime 18 ndi 19, zimene zinena za ufulu wa kupembedza ndi ufulu wa kulankhula maganizo.

Pamwamba pa nkhaniyo panali zithunzi za anthu asanu ndi mmodzi. Tiyeni tiwaone bwino anthuwa, pakuti kasankhidwe kao kakutiuza zambiri. Panali Dr Agostinho Neto, dokotala ndi mlakatuli wa ku Angola, amene anamangidwa ndi Apwitikizi, ndipo pambuyo pake m'chaka cha 1975 anakhala Pulezidenti woyamba wa dziko lake. Panali Mbusa Ashton Jones, mzungu wa ku America amene anamangidwa kambirimbiri chifukwa chotsutsa tsankho lochitira anthu akuda. Panali Constantin Noica, kachenjede wa ku Romania, womangidwa ndi boma la chikomyunizimu. Panali Toni Ambatielos wa ku Greece, mtsogoleri wa bungwe la antchito a m'zombo, amene iye mwini anali wa chikomyunizimu ndipo anamangidwa ndi boma lodana ndi chikomyunizimu. Panalinso akuluakulu awiri a mpingo wa Katolika, Arkibishopu Josef Beran wa ku Prague ndi Kadinala József Mindszenty wa ku Hungary.

Masiku amenewo dziko lapansi linali logawanika pawiri, mbali ya America ndi mbali ya Russia, ndipo mbali iliyonse inkafuula za nkhanza za inzake, nkumabisa zake. Benenson ndi anzake anaika pa tsamba limodzi wansembe womangidwa ndi akomyunizimu, ndi mkomyunizimu womangidwa ndi adani a chikomyunizimu. Anthu otere anawapatsa dzina lakuti akaidi a chikumbumtima, kunena munthu womangidwa chifukwa cha chikhulupiriro chake, maganizo ake kapena mtundu wake, amene sanachite chiwawa ngakhale kulimbikitsa ena kuchita chiwawa.

Poyamba anaganiza kuti ntchitoyi idzakhala ya chaka chimodzi chokha. Koma nyuzipepala za maiko ena zinaisindikizanso nkhani ija, ndipo makalata a anthu ofuna kuthandiza anasefukira. Mu Julaye 1961 nthumwi za maiko angapo zinakumana ku Luxembourg nizigwirizana kuti bungweli likhale lokhazikika. Pa 10 Disembala chaka chomwecho, pa tchalitchi chija cha St Martin-in-the-Fields, anayatsa kandulo yozingidwa ndi waya waminga. Chizindikiro chimenechi anachijambula ndi mayi wina wa m'bungwemo, Diana Redhouse, ndipo chikugwirabe ntchito mpaka lero. Dzina lakuti Amnesty International analikhazikitsa m'chaka cha 1962, pamene panali magulu 70 m'maiko 7, osamalira akaidi 210.

M'MENE NTCHITO INKAYENDERA

Mwina wina afunsa kuti, kodi magulu amenewa anali a anthu otani? Anali aphunzitsi, anamwino, amai apakhomo, ophunzira ndi okalamba opuma pa ntchito, amene ankakumana madzulo m'nyumba ya mnzao kapena m'chipinda cha tchalitchi. Likulu la ku London linali ndi anthu ofufuza, amene ankayamba atsimikiza kuti munthu wakutiwakuti wamangidwadi, ali m'ndende yakuti, ndipo sanachite chiwawa. Akatsimikiza ankatumiza dzina lake ku gulu limodzi.

Gulu lililonse linkalandira maina atatu: mmodzi wa ku maiko a chikomyunizimu, mmodzi wa ku maiko a kuzambwe, ndi mmodzi wa ku maiko ongotukuka kumene monga a muno mu Africa. Lamulo limeneli linali lothandiza kuti munthu asalowe m'bungwemo pofuna kungonyoza adani ake a ndale. Ukafuna kulembera mbusa womangidwa ku Russia, unayeneranso kulembera mtsogoleri wa antchito womangidwa ku Spain.

Gulu likalandira dzina linkamtenga mkaidiyo monga mbale wao. Linkalemba makalata aulemu, opanda chipongwe, kwa mtsogoleri wa dziko, kwa nduna ya zachilungamo, kwa kazembe ndi kwa mkulu wa ndende, mwezi ndi mwezi, ngakhale yankho lisabwere. Linkalemberanso mkazi ndi ana a mkaidiyo, ndi kuwatumizira kangachepe ka chakudya ndi ka fizi. Magulu ena anachita zimenezi zaka khumi kapena kupitirira chifukwa cha munthu mmodzi amene sanamuonepo ndi maso.

Panalinso malamulo ena awiri. Loyamba linali lakuti mamembala asagwire ntchito pa akaidi a m'dziko lao lomwe, kuti asadziike pa ngozi ndiponso kuti ndale za kwao zisasokoneze ntchito. Lamulo limeneli linakhala zaka zambiri kufikira analifewetsa zitapitirira zaka za m'ma 1990. Lachiwiri ndi lakuti bungweli lisalandire ndalama za boma lililonse zoyendetsera kafukufuku wake, pakuti wakudyetsa ndiye amakuuza nyimbo yoti uimbe. Phunziro limeneli analiphunzira movutika. M'zaka za 1966 ndi 1967 munabuka mkangano waukulu m'bungwemo zitamveka kuti ndalama zina zothandizira mabanja a anthu otsekeredwa ku Rhodesia zinachokera mwamseri ku boma la Britain. Pa mkangano umenewo Benenson mwini anatula pansi udindo wake m'chaka cha 1967. Anayanjananso ndi bungweli patapita zaka, ndipo anamwalira m'chaka cha 2005.

YESO LA NELSON MANDELA

Mfundo yakuti mkaidi wa chikumbumtima asakhale wolimbikitsa chiwawa inayesedwa msanga. M'chaka cha 1962 bungweli linatenga Nelson Mandela ngati mmodzi wa akaidi ake, pamene boma la tsankho la South Africa linammanga chifukwa chokonza sitalaka ndi kutuluka m'dziko popanda chilolezo. Koma pa mlandu wa Rivonia m'chaka cha 1964, Mandela ananena poyera kuti anagwirizana nazo zophwanya katundu wa boma, popeza njira zonse za mtendere zinali zitatsekedwa. Mamembala anakangana kwambiri. Ambiri ankamkonda Mandela ndipo ankadana ndi tsankho, koma anaona kuti akasintha lamulo chifukwa cha munthu amene amkonda, mawa sadzakhala ndi pokanira munthu wina wonyamula mfuti. Tsono anamchotsa pa mndandanda wa akaidi a chikumbumtima, koma anapitirizabe kulankhula za kazengedwe ka mlandu wake ndi za kasungidwe ka akaidi m'ndende za dzikolo. Anthu ena mpaka lero amati bungweli linalakwa pamenepa. Mandela mwini analandira mphoto ya ulemu kuchokera ku bungweli m'chaka cha 2006.

KODI KALATA INGATSEKULE NDENDE?

Achinyamata athu akhoza kuseka pomva kuti chida chachikulu cha bungweli chinali pepala, envulopu ndi sitampu. Koma tiyeni tiganize m'mene wozunza amagwirira ntchito yake. Iye amadalira mdima. Amamuuza mkaidi kuti palibe amene akudziwa kumene uli, abale ako anakutaya, ukafa muno palibe adzafunse. Ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho, chifukwa abale ndi anansi amaopa ngakhale kutchula dzina la womangidwayo. Tsono kalata ikafika kuchokera kutsidya la nyanja, yotchula dzina la mkaidiyo ndi ndende imene alimo, mkulu wa ndende amazindikira kuti munthuyu akafera m'manja mwake padzakhala mafunso.

M'chaka cha 1972 bungweli linayamba ntchito yolimbana ndi mchitidwe wozunza anthu m'zitokosi. Linaona kuti munthu amazunzidwa kwambiri masiku oyambirira atangogwidwa, kotero makalata a mwezi ndi mwezi ankachedwa. Chifukwa chake anakonza njira ya changu, yakuti mbiri ikangomveka, mamembala a maiko onse atumize matelegalamu ndi makalata nthawi yomweyo. Woyamba kuthandizidwa mwa njirayi anali Luiz Basílio Rossi, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Brazil, mu Malichi 1973. Boma la asilikali linali litamgwira, ndipo banja lake linali pa ukaidi wa pakhomo. Makalata atayamba kufika, apolisi anaitana mkazi wake namuonetsa mwamuna wake ali moyo, ndipo Rossi anamasulidwa chaka chomwecho.

Mtsogoleri wina wa antchito wa ku Dominican Republic, Julio de Peña Valdez, anasimba kuti anamsunga wamaliseche m'chipinda cha pansi pa nthaka. Makalata mazana oyamba atafika, alonda anambwezera zovala zake. Ena atafika, mkulu wa ndende anabwera kudzamuona. Atakwana zikwi zitatu, nkhani inafika kwa Pulezidenti wa dzikolo, ndipo analamula kuti amtulutse.

Tisaganize kuti nthawi zonse zinkatha chotero. Akaidi ambiri anafera m'ndende makalata ali mulu pa tebulo la nduna. Bungweli nalo silinena kuti munthu akamasulidwa ndiye kuti lamtulutsa ndi ilo lokha. Koma ambiri amene anatuluka anachitira umboni kuti ngakhale makalata sanatsekule chitseko, kumenyedwa kunachepa, mankhwala anayamba kufika, ndipo koposa zonse mtima unalimba podziwa kuti kunja kuli anthu owakumbukira.

M'chaka cha 1977 Amnesty International inalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Khama lake pamodzi ndi la mabungwe ena linathandiza kuti United Nations ivomereze pangano loletsa kuzunza anthu pa 10 Disembala 1984, ndipo dziko la Malawi linalowa m'panganoli m'chaka cha 1996. Kuyambira 1977 bungweli lakhalanso likulimbana ndi chilango cha imfa. Chaka chimenecho maiko 16 okha ndiwo anali atathetseratu chilangochi, koma lero apitirira 110. Mozambique inachithetsa m'chaka cha 1990, Zambia mu 2022, Zimbabwe mu 2024. Kuno kwathu chikalipo m'malamulo, koma palibe amene wanyongedwa kuyambira 1992.

PAMENE OIWALIKA ANALI A KWATHU

Akuluakulu amene muwerenga nkhani ino mukumbukira masiku amene boma la chipani chimodzi linali ndi mphamvu yotsekera munthu popanda kumzenga mlandu. Mukumbukira maina a Dzeleka ndi Mikuyu, ndi m'mene tinkatsitsira mau powatchula. Munthu akatengedwa usiku, anzake a kuntchito sankafunsa, ndipo anansi ankaopa kuponda pakhomo pake. Masiku amenewo anthu a ku maiko akutali, amene ena a iwo sakadatha kuloza Malawi pa mapu, ndiwo ankalemba makalata otchula maina a abale athu.

Mboni za Yehova zinaletsedwa m'dziko muno m'chaka cha 1967, ndipo m'zaka za 1972 ndi 1975 zinazunzidwa koopsa chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Nyumba zao zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Amnesty International inalemba za nkhanza zimenezi niidziwitsa dziko lapansi. Chiphunzitso cha Mboni ife sitigwirizana nacho, ndipo sitibisa. Koma tiyenera kudzifunsa pamaso pa Mulungu: pamene nyumba ya mnansi wathu inali kuyaka, ife tinanena chiyani? Ambiri a ife tinakhala chete, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa choganiza kuti anthuwo si athu. Tinaiwala mwambi wa makolo wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa 24 Disembala 1981, Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa m'dera la malire a Zambia ndi Malawi. Bambo Chirwa anali loya woyamba Wachimalawi, mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress, ndi nduna ya zachilungamo m'chaka cha 1964 asanathawire ku Tanzania. Mlandu wao woukira boma unazengedwa ku bwalo la milandu la mafumu, kumene sanaloledwe kukhala ndi loya wowaimira, ndipo mu Meyi 1983 anawalamula kuti aphedwe. Amnesty International inawatenga onse awiri ngati akaidi a chikumbumtima. Mpingo wa Church of Scotland, umene Dr Kamuzu Banda anali mkulu wa mpingo m'menemo, unatuma Mbusa Andrew Doig, amene kale anatumikira ku Blantyre, kudzawapemphera chifundo. Maboma ndi mabungwe ambiri analankhulanso, ndipo mu Juni 1984 chilango chija anachisintha kuti akhale m'ndende moyo wao wonse.

Awiriwa anasungidwa m'ndende ya Zomba, koma motalikirana. Anaonana mu Seputembala 1992, pamene maloya ochokera ku Britain analoledwa kuwayendera, patatha zaka zisanu ndi zitatu asanaonane. Bambo Chirwa anafera m'ndendemo pa 20 Okutobala 1992. Mai Chirwa anatuluka pa 24 Januwale 1993, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo woyendera ndende za mu Africa m'dzina la bungwe loona za ufulu wa anthu la maiko a mu Africa.

Chimodzimodzinso Dr Jack Mapanje, mlakatuli ndi mphunzitsi wa pa Chancellor College, amene anatengedwa pa 25 Seputembala 1987 nasungidwa ku Mikuyu kufikira Meyi 1991 popanda kuuzidwa mlandu wake. Amnesty International pamodzi ndi mabungwe a alembi a mabuku sanaleke kutchula dzina lake kufikira anatuluka.

Koma tizindikire kuti makalata a kunja okha sakadasintha dziko. Zinthu zinagwedezeka pamene a m'dziko momwe muno anatsekula pakamwa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi ao. Mu Juni chaka chomwecho atsogoleri ena a CCAP pamodzi ndi nthumwi za bungwe la World Alliance of Reformed Churches anapereka kalata yao kwa Pulezidenti, yodandaula za kutsekera anthu popanda mlandu. Akaidi ambiri a ndale anamasulidwa, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Mutu umodzi susenza denga: a kunja anagwira mbali yao, a m'dziko anagwira yao.

BUNGWELI LERO, NDI PAMENE TISIYANA NALO

Lero Amnesty International imati ili ndi anthu oposa 10 miliyoni oichirikiza m'maiko ambiri. Anthu a mu Africa akhalapo alembi ake aakulu, monga Pierre Sané wa ku Senegal ndi Kumi Naidoo wa ku South Africa. Chaka chilichonse mu Disembala imachititsa mwambo wolemba makalata, umene unayambira ku Poland m'chaka cha 2001. Ntchito yake yakula kuposa ya akaidi okha. M'chaka cha 2016 inatulutsa lipoti la kuphedwa kwa anthu achialubino m'Malawi muno, limene linanena kuti anthu osachepera 18 anaphedwa kuyambira mu Novembala 2014. Imeneyo inali nkhani yochititsa manyazi mtundu wathu, koma inali yoona, ndipo inayenera kunenedwa.

Pakukula kwa ntchito yake bungweli lalowanso m'nkhani zimene Akristu ambiri sangaliperekeze. M'chaka cha 2007 linayamba kulimbikitsa kuti malamulo oletsa kuchotsa mimba afewetsedwe, ndipo atsogoleri ena a mipingo amene kale ankalichirikiza analeka. Ife tikhulupirira kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika, ndipo pamenepa tisiyana nalo. Chifukwa chake sitikunena kuti zonse zimene bungweli linena muzilandire. Mau a Mulungu ndiwo muyeso wathu. Koma munthu wanzeru sataya nkhwani chifukwa cha mbozi imene waipeza pa tsamba limodzi. Mfundo imene bungweli linayamba nayo, yakuti munthu womangidwa asaiwalike, ndi mfundo imene Mpingo unapatsidwa kalekale.

NANGA IFE TITANI?

Buku Lopatulika ladzala ndi akaidi a chikumbumtima. Yeremiya anaponyedwa m'chitsime cha thope chifukwa cha uthenga umene akalonga sanaukonde, ndipo amene anakamlankhulira kwa mfumu Zedekiya anali Ebedi-Meleki, mlendo wa ku Kusi, munthu wa ku Africa kuno (Yeremiya 38). Danieli, Yohane Mbatizi, Petro ndi Paulo onse analawa ndende. Paulo atatsala pang'ono kuphedwa, anzake ambiri atamthawa, anatchula mothokoza Onesiforo, amene anafika ku Roma namfunafuna mpaka kumpeza, osachita manyazi kuti mnzakeyo ndi mkaidi (2 Timoteo 1:16-17). Mlembi wa kalata ya kwa Ahebri atilangiza kuti tiziwaganizira omangidwa ngati kuti unyolo wao uli pa manja athu (Ahebri 13:3). Ndipo Ambuye wathu pa Mateyu 25 aika kuchezera wa m'ndende pakati pa zinthu zimene adzatifunsa tsiku lomaliza. Pa ndime imeneyo sanasiyanitse womangidwa wolakwa ndi wosalakwa.

Inu makolo, auzeni ana anu zimene munaona. Mwana amene sanamvepo za Mikuyu sangadziwe mtengo wa ufulu umene ali nao, ndipo sangazindikire zizindikiro ngati masiku otere atayamba kubwerera. Aphunzitseni kuti malamulo aakulu a dziko lathu, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, amati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake, ndipo aonekere ku bwalo la milandu asanathe maola 48. Aphunzitseninso kulemekeza boma ndi kulipempherera, pakuti kulemekeza olamula ndi kuwauza zoona sizitsutsana. Natani anali mtumiki wokhulupirika wa Davide, ndipo ndiye amene anamdzudzula.

Inu achinyamata, lero muli ndi mafoni ndi intaneti, ndipo uthenga umene kale unkatenga milungu itatu pa positi umafika m'kamphindi. Tengerani chitsanzo cha magulu oyamba aja. Iwo ankayamba atsimikiza nkhani asanaifalitse, ankalemba mwaulemu, ndipo ankalankhulira ngakhale munthu amene sankagwirizana naye. Kulankhulira wa chipani chako, wa mtundu wako kapena wa mpingo wako nkosavuta. Yeso lenileni lifika pamene wozunzidwayo ndi munthu wa mbali ina.

Ndipo ife tonse monga Mpingo tisayang'ane kutali kokha. Ndende za dziko lathu nzodzaza kupitirira muyeso wake, ndipo m'menemo muli ena amene akhala nthawi yaitali akudikira kuti mlandu wao uzengedwe. Muli ana a m'midzi mwathu, ena obatizidwa m'matchalitchi athu omwe. Kodi bwalo la akulu a mpingo pa mpingo wanu likudziwa maina ao? Kodi amai a chigwirizano anapitako liti ndi sopo, mchere ndi Mau a Mulungu? Kodi mkazi ndi ana a womangidwa timawachezera, kapena timawaloza zala pa chitsime? Tikupempha kuti mpingo uliwonse mwezi uno ufufuze dzina limodzi lokha la munthu wa m'dera lake amene ali m'ndende, umlembere kalata, umpempherere motchula dzina pa mapemphero a m'banja, ndipo utume anthu awiri kukamuona.

Wopereka chikho uja anadzakumbuka Yosefe patapita zaka ziwiri, navomereza kulakwa kwake pamaso pa Farao, ndipo tsiku lomwelo Yosefe anatuluka m'dzenje. Ambuye atithandize kuti ife tisadikire zaka ziwiri.